Amene Ankapachika Mbewa ku Dimba la Bambo

Fungo la chiguduli chonyowa silinandichokebe m'mphuno. Ndi fungo la dothi, la mbatatesi zowola ndi la palafini pang'ono. Ndikangolimva, ngakhale lero lino pa msika wa ku Barking, kuno ku dziko la azungu, ndimadziona ndili chigonere chafufumimba pansi pa mulu wa ziguduli, zala zitauma ndi chisanu, diso limodzi lili pa kamera ya bambo anga. Ndinali ndi zaka khumi. Inali nyengo yozizira imene anthu a komiti anafuna kulanda bambo dimba lawo chifukwa cha mbewa zimene iwo sanaphe.

Ndiyambe ndalongosola malowo, chifukwa lero kulibenso, anamangapo nyumba zosanja. Kuseri kwa njanji, chakumtsinje, khonsolo inali ndi timadimba tobwereketsa kwa anthu okhala m'mafulati. Aliyense anali ndi kachigawo kake, kashedi kosungiramo mafosholo ndi mafoloko, ndiponso kiyi wa pageti. Madimbawo ankayang'aniridwa ndi komiti ya olima okhaokha, ndipo komitiyo inali ndi mphamvu yolanda kiyi munthu aliyense woswa malamulo. Bambo anadikira zaka zingapo asanapeze malo, ndipo atawapeza anali a kumapeto kwenikweni, amene ena anawakana chifukwa cha madzi odikha. Malire a dimba lathu anali mpanda wa mitengo yaminga yolukana ndi waya waminga wadzimbiri. Kutsidya kwa mpandawo kunali dambo la bango ndi udzu wautali, lopanda wolisamala, mmene munkadutsa nsanja zikuluzikulu za magetsi.

Bambo anga, a Nkhoma, anali mphunzitsi kwathu ku Malawi, koma anathawa pa nkhani za ndale ine ndikadali kumsana. Kuno ankasakaniza penti m'fakitale, ndipo mayi anali namwino. M'fulati mwathu bambo anali munthu wachete, wokonda kukhala pafupi ndi wailesi, wodzidzimuka wina akagogoda chitseko. Koma akangotsegula geti la kudimba ankasanduka munthu wina. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi mokweza, ankaseka, ankacheza ndi aliyense wodutsa. Ankalima mpiru, nyemba, anyezi, ndi chimanga chimene chaka ndi chaka chinkagwidwa ndi chisanu chisanakhwime. Mayi ankati chimangacho n'chokongoletsa chabe, koma bambo ankachibzalabe.

Woyandikana nawo dimba anali a Hollis, mzungu wopuma ntchito ya padoko, wa chipewa chathyathyathya ndi kaliwo pakamwa. Awiriwa ankagwirizana. Ankapatsana mbewu, ankabwerekana wilibala, ankamwera tiyi m'fulasiki imodzi. Tsiku lina nthawi yotentha a Hollis anadandaula kuti mbewa zawathera nsawawa zimene anangobzala kumene. Bambo anaseka.

"Kwathu mukanakhala munthu wamwayi," anatero m'Chingerezi chawo cha mphunzitsi. "Ana amakumba mbewa, kuziwiritsa ndi mchere, kuzipana pa kamtengo n'kuziumitsa pamoto. Ndi ndiwo yokoma kuposa nyama yanu ya m'chitini ija."

A Hollis anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anafotokozera olima anzawo onse. Kwa milungu ingapo moni wawo unali wofunsa ngati bambo adya kale mbewa za m'mawa. Bambo ankayankha kuti akudikira zinenepe. Kwa iwo umenewo unali ubwenzi, kuseleulana kwa amuna olima moyandikana.

Loweruka lina m'mawa, masamba atatha kuyoyoka m'mitengo, tinapeza mbewa pa mpanda wathu. Inali yonenepa, ya mchira waufupi, mtundu wa mbewa za m'udzu. Inali itabayidwa pakhosi pa munga wautali, mutu m'mwamba, timiyendo tili lende. Chapatali pang'ono panali ina pa waya, komanso chikumbu chachikulu chakuda, nachonso chobayidwa mwaluso. Bambo anayandikira mpandawo. Kenako anazula mbewa ija, anaitembenuza, anainunkhiza, ndipo nkhope yawo inawala.

"Elina, kuno kuli munthu wa kwathu," anandinong'oneza. "Mzungu sangayanike mbewa chonchi. Ameneyu ndi wa ku Dedza, apo ayi wa ku Chipata."

Ndinawapempha kuti tipite nayo kunyumba tikaonetse mayi, koma anakana. Anati kwathu munthu woleredwa bwino satenga za pa msampha wa mnzake, ngakhale njala imupweteke bwanji. Ukapeza diwa la wina litagwa umangopitirira, ndipo ngati wakhudza kanthu umabwezera momwe unapezera. Choncho anaibwezera mbewayo pa munga womwewo, mosamala, akukankha ndi chala chachikulu kuti isagwe. Nditacheuka ndinaona a Hollis ataima pakhomo pa shedi yawo, kaliwo ali m'manja, akutiyang'ana. Bambo anawakwezera dzanja. Iwo sanabweze.

Mayi atamva za munthu wa kwathu uja sanakondwe. Anati munthu wobisala m'dambo, wosabwera kudzapereka moni, angathe kukhala kazitape wotumidwa kudzaona kumene a Nkhoma amayenda. Bambo anawayankha kuti kazitape wa boma amadya m'hotela, sakumba mbewa. Komabe ankati akamalima amaponya maso kudambo, theka la mtima likuopa, theka lina likulakalaka kumva munthu akuti "zikomo" kuseri kwa mpanda.

Mwini mbewa uja tinamuona Lamulungu lina masana titaweruka kutchalitchi. Pansonga penipeni pa mtengo waminga panatera mbalame imene sitinaionepo. Kukula kwake kunali kopitirira pumbwa pang'ono. Inali yotuwa kumsana ngati phulusa, yoyera kumimba, ya mchira wautali wakuda umene inkaugwedeza uku ndi uku. M'maso munadutsa mzere wakuda bii, ngati yadzimanga kansalu, ndipo mlomo unali wokhota kunsonga. Inakhala phee, mutu wokha ukutembenuka. Mwadzidzidzi inatsika, inaima m'malere kamphindi ikukupiza mapiko pamwamba pa udzu, kenako inagwera pansi. Tinamva kulira kwa mbewa kamodzi kokha. Mbalameyo inaijompha pankhongo kangapo, inainyamula, inauluka chapansipansi molemedwa mpaka pa waya wathu. Pamenepo inaikoka, kuikankha, kuikokanso, mpaka munga wa waya unalowa. Ndiye inayamba kudya kuyambira kumutu, ikung'amba pang'onopang'ono, ndipo itakhuta inasiya zotsalazo zili lende n'kubwerera pansonga paja.

Bambo anaseka mpaka kukhala pansi pa ndowa. "M'bale wathu wa ku Dedza uja ndi ameneyu!" anatero akupukuta misozi. Pomwepo anaipatsa dzina loti Kapachika. Mlungu womwewo tinapita ku laibulale ndipo tinaipeza m'buku la mbalame. Azungu amaitcha shrike, ena amati mbalame yabutchala. Bukulo linati imachokera kumpoto kwenikweni, kumayiko a chipale, imabwera yokhayokha nthawi yozizira, ndipo kuno imaoneka mwa apo ndi apo. Linatinso zala zake n'zofooka, sizingapane nyama ngati za kabawi, n'chifukwa chake imabwereka munga kuti uigwirire, ndipo mungawo ndiwonso nkhokwe yake ya tsiku la njala.

Khirisimasi ikuyandikira, Kapachika anapha kambalame ka chifuwa chofiira, kamene azungu amakakonda kwambiri mpaka kukajambula pa makhadi a Khirisimasi. Anakapachika poonekera, pafupi ndi njira. Amene anakapeza anali Mayi Tredwell, wapampando wa komiti, mayi wamtali wa nsapato za jombo amene ankayendera madimba ndi ndodo m'manja. Pasanapite nthawi tinalandira kalata.

Kalatayo ndili nayo. Ine sinditaya pepala, ndipo ana anga amandiseka nazo, koma ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti anthu amaiwala msanga zimene analemba. Inati komiti yalandira umboni wa munthu woona ndi maso kuti Bambo Nkhoma amapachika mbewa ndi mbalame pa mpanda. Inati mchitidwe wotere mwina ndi wololedwa kumene anachokera, koma m'dziko lino ndi nkhanza. Inati nkhaniyi idzakambidwa pa msonkhano wa kumapeto kwa nyengo yozizira, pamene olima amapatsidwanso malo awo, ndipo kufikira tsikulo bambo asayandikire mpanda. Palibe amene anabwera kudzawafunsa asanalembe. Dimba la a Hollis ndi lathu zinkalekana ndi kanjira kamene wilibala inkadutsa movutikira, koma a Hollis anasankha kupita kukomiti m'malo molumpha kanjirako.

Bambo anabwerekanso buku lija ku laibulale n'kupita nalo kwa Mayi Tredwell, ine ndili pambuyo. Anawatsegulira tsamba, anawaonetsa chithunzi cha mbalameyo, anawawerengera za minga. Mayiwo anayang'ana tsambalo ngati munthu woonetsedwa chithunzi cha njovu.

"Bambo Nkhoma, ndalima pano kuyambira nthawi ya nkhondo ndipo mbalame yotere sindinaionepo," anatero. "Koma pali munthu amene anakuonani inuyo, mbewa ili m'manja. Ndipo inu nomwe munanena kuti kwanu mumazipana pa timitengo."

Bambo anawapempha kuti abwere akhale chete kwa kanthawi pafupi ndi dimba lathu, adzionere okha. Mayiwo anati kukuzizira, ndipo alibe nthawi yodikira mbalame za m'buku. Anadutsako kamodzi akukankha wilibala yolira, ndipo Kapachika, amene sankafuna phokoso, anali atathawira pakati pa dambo kalekale.

Kunyumba mayi anapsa mtima, koma ukali wawo unayamba wagwera bambo. "Abambo ake Elina, munathawa apolisi, munawoloka mitsinje mwana ali kumsana kwanga, lero mukugwa ndi mbewa? Anakutumani ndani kuuza azungu zimene timadya?" Anati aleke dimbalo, mpiru tizigula kwa amwenye. Bambo anati akabweza kiyi ndiye kuti avomera mlandu, ndipo dzina la wozunza nyama lidzawatsatira mpaka kutchalitchi. Anatinso, motsitsa mawu, kuti m'dziko lonse lino dothi lokhalo ndi limene amaloledwa kuliponda ndi khasu.

Tinali ndi kamera imodzi, yogula yogwiritsidwa kale, imene bambo ankajambulira maubatizo ndi zithunzi zotumiza kwa agogo. Inalibe diso lokokera zinthu pafupi. Filimu yoyamba bambo anaijambula ataima pakati pa dimba, kumvera lamulo losayandikira mpanda. Atakaitsukitsa ku sitolo ya mankhwala, zithunzi zonse zinali thambo lotuwa, nsanja ya magetsi, ndi kadontho pansonga pa mtengo. Mayi anati kadonthoko kakhoza kukhala ntchentche imene inatera pa kamera. Zinali zoonekeratu kuti wojambula ayenera kukhala pafupi kwambiri, pamtunda woti ukhoza kuponya chipewa n'kukhudza waya. Bambo anali oletsedwa, komanso anali munthu wamkulu thupi wosabisika. Kalata ija sinatchule za mwana.

Choyamba tinaphunzira mayendedwe a Kapachika. Anali ndi mitengo itatu imene ankakonda kuterapo, ndipo ankayendera mbali ya dambo malinga ndi kumene mphepo ikuchokera. Koma nkhokwe yake yaikulu inali imodzi, kachigawo ka waya pafupi ndi mzati wopendekeka, kuseri kwa mulu wathu wa manyowa. Ine ndinakokera ziguduli kumeneko n'kuziunjika pa mabokosi awiri, kusiya kamphako kolowera. Bambo analamula kuti tizisiye choncho masiku angapo, ndi botolo losuzumira pakati pake, kuti mbalameyo izolowere chinthu chonyezimira. Ndinayeza mtunda wochokera pa ziguduli kufika pa waya ndi chingwe, ndipo bambo anatchera kamera pa mtunda umenewo n'kuimata ndi tepi kuti ndisaisokoneze. Anandiphunzitsa kutsamiritsa zigongono pansi, kutulutsa mpweya ndisanadinikize, ndi kupukusa filimu pang'onopang'ono kuti isalire.

Masiku a sukulu kunkada ndisanafike n'komwe kunyumba, choncho ntchito yathu inali ya Loweruka ndi Lamulungu. Mayi ankandipaka mafuta kumaso, kundiveka masokosi a bambo pamwamba pa anga, ndi kundipatsa botolo la madzi otentha loika pamimba. Ankachita zimenezi akung'ung'udza. Tsiku lina ndikutsokomola anati, "Bwanji osangotenga mbewa ya pa msampha wa kuzinyalala n'kuipachika nokha pa wayapo, mbalame yanuyo ibwere msanga, mwana asafe ndi chibayo?" Sindinaonepo bambo atakwiya choncho. Anaimirira mpaka mpando unagwa.

"Anaphiri, mukufuna ndichite chimene akundinamiziracho? Dzanja langa lisakhudzenso mbewa m'dziko lino!"

Pansi pa ziguduli dziko linali laling'ono. Ndinkaona waya, mzati, udzu woyera ndi chisanu, ndi kachidutswa ka thambo. Ndinkamva sitima zikudutsa, mawaya a magetsi akung'ung'uza, ndi khasu la bambo likugunda dothi louma chakutali, chifukwa ankayerekeza kulima kuti asaoneke ngati akundilondera. Kuzizira kunkayambira m'mawondo n'kukwera. Botolo lija likazirala ndinkawerenga nyimbo za Sande sukulu mumtima kuti ndisalire.

M'kamphako kameneko ndinamudziwa Kapachika kuposa mmene buku linamudziwira. Ndinaona kuti ankalephera kawirikawiri kuposa kupha. Ankatsikira m'udzu n'kubwerako chimanjamanja, n'kudzikung'untha nthenga ngati palibe chachitika. Dzuwa likatuluka ankaimba motsitsa, nyimbo yosokonekera yokhala ndi timalikhweru ndi mawu obwereka kwa mbalame zina. Nthawi zina ankatsegula kukamwa, kugwedeza khosi, n'kulavula kampira ka ubweya ndi timafupa. Ndinamuona akuthamangitsa kambalame konga mpheta mkati mwa chitsamba, nthambi ndi nthambi, mosatopa, mpaka kanalira kulira kumene sindidzaiwala. Tsiku limenelo ndinamuda. Ndinauza bambo kuti mbalame yawoyo ndi yoipa mtima, ndipo iwo anandifunsa ngati nkhuku ya Khirisimasi inafa ndi ukalamba.

Kawiri konse anabwera pa waya ndili pomwepo. Koyamba ndinadinikiza nditavala magolovesi, kamera inagwedezeka, ziguduli zinasuntha, iye n'kuthawa. Kachiwiri anabwera kudzadya zimene anasunga dzulo lake, koma anandifulatira, ndipo bambo anati chithunzi cha mbalame ikudya sichikwanira. Anthu aja adzati yangopeza zopachika a Nkhoma. Chofunika chinali kuigwira ikupachika.

Loweruka lina ndinamva mapazi, kenako chiguduli cha pamwamba chinavundukulidwa. Anali a Hollis. Anandiyang'ana ndili chigonere m'matope, kenako anayang'ana waya, pamene panali theka la mbewa.

"Ndiye abambo ako akutuma iwe tsopano?" anatero. "Pita kwanu, mwana iwe, ungaume."

Ndinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, choncho ndinangoluma mlomo. Mpaka lero ndimadziwa mawu amene ndikanawayankha, ndipo ndawakonza kambirimbiri. Munthu ameneyu anaona kamera m'manja mwanga. Akanangogwada pambali panga kwa kanthawi, nkhani yonse ikanatha tsiku lomwelo.

Mwayi unabwera msonkhano utayandikira kwambiri, m'mawa wina wa chisanu chokhuthala ndi dzuwa lowala. Ndinali nditavula magolovesi n'kuika zala m'kamwa kuti zifunde. Ndinamva kukupiza kwa mapiko olemedwa, ndipo Kapachika anatera pa waya patsogolo panga penipeni, mbewa ili kukamwa. Anali pafupi moti ndinkaona timaubweya ta m'mbali mwa mlomo wake. Anaponda waya mwamphamvu, anakweza mbewayo, anayamba kuikokera pa munga. Ndinatulutsa mpweya n'kudinikiza. Kamera inati khethe, iye anaima, anatembenuza mutu, diso lakuda lija linayang'ana m'kamphako mwanga. Sindinaphethire. Njala inamukulira kuposa mantha, ndipo anapitiriza ntchito yake. Ndinapukusa, kudinikiza, kupukusa, kudinikiza, mpaka filimu inakana kuyenda. Nditatuluka miyendo inakana kundinyamula, ndipo bambo anandibereka mpaka pageti ngakhale ndinali mtsikana wamkulu.

Zithunzi tinakazitenga msonkhano uli mawa lake. Bambo anatsegula envulopu panja pa sitolo pomwepo, anthu akutipewa uku ndi uku. Zambiri zinali zosaoneka bwino, mapiko ngati utsi, waya wopindika. Koma chimodzi chinali chakuthwa ngati lumo. Mzere wakuda wa m'maso, mlomo utagwira mbewa pakhosi, munga wa waya ukulowa, ndipo kumbuyo kwake mzati wopendekeka umene aliyense wa kumadimba ankaudziwa. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira mutu. "Mayi anga, mwandiombola," anatero.

Msonkhano unachitikira m'holo ya tchalitchi china, yonunkha palafini ndi makhoti onyowa. Bambo anavala suti yawo ya ukwati. Anali atakonza mawu oti akalankhule, ndipo anawayeserera pamaso pa mayi kangapo: za mwambo wobwezera chimene wapeza pa msampha wa wina, za ulemu umene anali nawo pa olima anzawo, za mmene zimapwetekera kuweruzidwa osafunsidwa. Nkhani yawo itafika, anapereka chithunzi kwa wapampando.

Mayi Tredwell anavala magalasi. Anachiyandikiza, anachitalikitsa, kenako anafuula mokondwa kuti n'zodabwitsa. Anati mkamwini wawo ndi wokonda mbalame kwambiri ndipo akamva adzakomoka. Chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja. Wina anati agogo ake akumudzi ankasimba za mbalame yabutchala. Wina anati kamuoneni kankhope kake ngati wakuba. Onse anali kuseka, kulozerana, kunyadira kuti mbalame yosowa chonchi yasankha madimba awo. Kenako wapampando anagogoda tebulo n'kunena kuti tsopano tikambe za mpopi wophulika.

Bambo anaimirira. "Pepani, a wapampando, nanga nkhani yanga?"

"Aa, imeneyo yatha, Bambo Nkhoma. Khalani pansi."

Anakhala pansi. Mawu amene anakonza aja anabwerera nawo kunyumba osatuluka ngakhale limodzi. M'holo monse munalibe munthu amene anati pepani. Potuluka, a Hollis anawamenya paphewa mwachibwenzi n'kunena kuti, "Mukanangonena, mnzanga." Akanangonena! Munthu amene ananena ndi pakamwa, ananena ndi buku, anapempha kuti abwere adzaone, mpaka anagoneka mwana wake m'chisanu nyengo yonse. Ndakhala m'dziko lino moyo wanga wonse, ndagwira ntchito ndi azungu abwino ambiri, ena ndi abale anga tsopano, koma mawu awiri amenewo akandibwerera ndimasiya chimene ndikuchita.

Chithunzi chija a komiti anachibwereka ndipo sichinabwerenso. Chinatuluka m'kapepala ka gulu lina la okonda mbalame, pansi pake atalemba kuti chinajambulidwa ku madimba a ku Barking mwa chilolezo cha komiti. Dzina langa palibe, la bambo palibe. Kapepalako ndili nako, ndipo filimu yeniyeniyo ndili nayonso, m'envulopu yake yomweyo. Loweruka lotsatira kunafika amuna ambirimbiri a makhoti obiriwira, onyamula zoonera patali ndi makamera a milomo italiitali. Komiti inawatsegulira geti ndi manja awiri. Poti malo abwino oonera anali dimba lathu, anaimika miyendo ya makamera awo m'mizere ya anyezi, ndipo anapondaponda nyemba zimene bambo anabzala chisanu chisanayambe. Mmodzi anauza bambo kuti asiye kulima chifukwa akuopseza mbalame. Kapachika anapirira masiku ochepa, kenako sanaonekenso. Kunena chilungamo, nthawi yake yobwerera kumpoto inali itakwana kale, choncho mlandu umenewo sindiwapatsa. Wa anyezi ndiwo ndimawapatsa.

Kiyi anatsala m'thumba la bambo, ndipo analima dimba limenelo mpaka mawondo awo atakana. Ine ndinadzitama kusukulu mpaka anzanga anatopa nane. M'maganizo mwanga nkhani inali yosavuta: anatinamizira, ndinajambula, tinapambana.

Nthawi yotentha itafika, maungu a bambo anayanga mpaka m'kanjira. Madzulo ena tikutchola nsonga zanthete za nkhwani, a Hollis anatsamira fosholo yawo n'kufunsa mwachidwi ngati kwathu timadyanso masamba a maungu. Bambo anamwetulira mwaulemu. "Ayi, tikungopatulira kuti maungu akule," anatero. "Timadya maungu basi, ngati inu nomwe." Atachoka, bambo anaika nkhwaniyo pansi pa chikwama n'kuvundikira ndi kabichi. Ine ndinaseka chamumtima njira yonse, ndikuona ngati ndi masewera athu achinsinsi, ndipo ndinkathandiza kuvundikira mwaluso chaka ndi chaka. Ndinali nditakula, ndili ndi ana anga, pamene ndinazindikira kuti kuyambira nyengo imene ija sindinamvenso bambo akuuza mzungu aliyense kanthu kalikonse ka kwathu. Dimba ndinawapulumutsira, inde. Koma munthu amene ankapita kukalimako pambuyo pake ankapereka moni, kuyankha zimene wafunsidwa, n'kuweramira khasu lake.